Ndayesa kutenga mayina a mayiko m'foni momwemo m'malo molemba list yanga, mmene zayendera ndi umu

Anzanga amene mumapanga ma apu kuno ku Lilongwe, ndikufuna ndikambe za kanthu kamene ambiri timakaona ngati kosavuta koma ine kanandidyera masabata angapo. Nkhani yake ndi iyi: uli ndi code ya dziko, zilembo ziwiri basi, ndiye ukufuna pa skrini pawoneke dzina la dzikolo m'chiyankhulo cha munthu amene wagwira foniyo. Uli ndi ZA, ukufuna wa ku Kawale aone South Africa, wa ku Tete aone África do Sul, wa ku Mbeya aone Afrika Kusini, m'bale wathu wa ku Dzaleka amene foni yake anaitchera pa Chifalansa aone Afrique du Sud. Chomwe ndikuunika pano ndi data ya CLDR, nkhokwe ya data ya ziyankhulo ija imabwera kale mkati mwa foni, imene timaifikira kudzera pa Locale ya Android, Locale ya iOS komanso Intl.DisplayNames ya JavaScript. Ndaigwiritsa ntchito pa apu yeniyeni imene anthu akulembetsera katundu tsiku ndi tsiku, ndiye zomwe ndinene ndi zomwe ndaona ndi maso.

Apuyo ndinapangira mayi ena amene ali ndi ofesi yaying'ono ku Area 2, amatumiza ndi kulandira katundu wa anthu wodutsa m'ma boda. Makatoni ochokera ku Johannesburg, mabelo a ku Dar es Salaam, nthawi zina ka pasulo kopita ku Chipata kapena ku Tete. Pa fomu yolembetsera pali malo atatu ofuna dziko: kumene katundu akuchokera, kumene akupita, ndi dziko la nambala ya foni ya wolandira. Makasitomala awo si Amalawi okha ayi, pali a Chipwitikizi, a Chiswahili, a Chifalansa, ndipo ambiri amalembetsa okha pa foni zawo asanafike n'komwe pa ofesi.

Poyamba ndinachita zomwe ambiri timachita, ndinatenga fayilo ya JSON ya mayiko pa intaneti n'kuiponya mu project, ndipo mu database ndimasunga dzina lenilenilo monga string. Zinayenda kwa kanthawi. Kenako mayi aja anandiimbira Loweruka lina m'mawa, akuti "achimwene, tabwerani mudzaone, kasitomala wanga wa ku Tanzania akuti dziko lake lalembedwa zachilendo, komanso lipoti la mwezi likundipatsa ma Congo atatu." Nditafika ndinapeza zoonadi. List ija inali ndi mayina a kalembedwe ka ISO, bungwe la miyezo la padziko lonse, ndiye Tanzania inkaoneka kuti Tanzania, United Republic of, ndipo pa ka skrini kakang'ono imaduka n'kutsala Tanzania, Uni ndi timadontho. Eswatini inali idakali Swaziland ngakhale dzikolo linasintha dzina mu 2018. Za ma Congo zija zinabwera chifukwa mnyamata wa mu ofesi amalowetsanso zina pamanja pa kompyuta, tsiku lina DRC, tsiku lina Congo, tsiku lina DR Congo, ndipo database imawerenga ngati mayiko osiyana. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi katoni ina ya ku Johannesburg imene pa spreadsheet inalembedwa SA. Aliyense wa kuno akaona SA amadziwa kuti ndi ku Joni, koma pa ISO 3166 SA ndi Saudi Arabia. South Africa ndi ZA, kuchokera ku dzina la Chidatchi loti Zuid-Afrika, ndipo anthu ambiri akaona ZA amaganiza kuti ndi Zambia pomwe Zambia ndi ZM. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinaganiza kuti mu database muzikhala code yokha basi, dzina lizipangidwa nthawi yoonetsa pa skrini, ndipo munthu asalembenso dziko pamanja.

Kwa amene simunazitsate bwino, ma code amenewa ndi a ISO 3166, muyezo umene unatuluka koyamba mu 1974, ndipo pano ma code a zilembo ziwiri ovomerezeka alipo 249, kuphatikiza zilumba ndi madera ena amene si mayiko odziyimira paokha. Ife ndi MW, pa zilembo zitatu MWI, pa manambala 454. Koma ISO siimasulira mayinawo m'ziyankhulo zonse. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa CLDR, nkhokwe ya data ya ziyankhulo imene imayang'aniridwa ndi Unicode Consortium ndipo imatuluka kawiri pa chaka, ndiye laibulale ya ICU imatenga data imeneyo n'kuilowetsa mu Android, mu iOS ndi m'ma browser. Ndiye kaya ulemba Kotlin, kaya Swift, kaya JavaScript, madzi ake ukutunga pa chitsime chimodzi, kusiyana kwake ndi ndowa chabe.

Pa Android n'zosavuta mpaka ndinadzifunsa kuti nthawi yonseyi ndimavutikiranji. Umapanga Locale ndi Locale.Builder, kuika region kukhala MW kapena code iliyonse, kenako kuitana getDisplayCountry n'kuipatsa Locale ya chiyankhulo chomwe ukufuna. List yonse ya ma code umaitenga pa Locale.getISOCountries. Kuyambira Android 7.0, imene ndi API 24, palinso android.icu.text.LocaleDisplayNames yokhala ndi regionDisplayName, imagwira ntchito yomweyo. Pa iOS ndi localizedString ya forRegionCode, mzere umodzi, ndipo ukafuna chiyankhulo china osati cha foni umangopanga Locale ndi identifier yake monga sw ya Chiswahili kapena pt_MZ ya Chipwitikizi cha ku Mozambique. Pa JavaScript umapanga Intl.DisplayNames, type kuika region, n'kuitana of. Imeneyi inalowa mu ES2021 ndipo ma browser akuluakulu onse ali nayo. Ingokumbukirani kuti imafuna zilembo ziwiri kapena manambala atatu, mukaipatsa MWI ikuponyerani RangeError pompo. Ine apu ya makasitomala ndinailemba pa Kotlin, ya iPhone pa Swift ndi yaying'ono chifukwa ma iPhone ndi ochepa pakati pa makasitomala a mayi aja, ndipo dashboard ya mu ofesi ili pa browser. A React Native samalani, Hermes, injini yoyendetsa JavaScript ya kumeneko, siibwera ndi mbali zonse za Intl, nthawi yomwe ndimayesa DisplayNames inafunika polyfill ya FormatJS, code yowonjezera yodzaza mbali yosowayo, ndipo umayenera kulowetsa data ya chiyankhulo chilichonse payokha. A Flutter, package ya intl ilibe mayina a mayiko, ndiye mufunika package ina kapena kufunsa foni yeniyeniyo kudzera pa platform channel.

Zabwino zake ndizinene mosabisa chifukwa ndi zambiri. Choyamba apu siinenepa ngakhale pang'ono, data ili kale m'foni, ndipo kuno kwathu munthu amayang'ana ma MB asanadawunilode chinthu chifukwa bandulo ndi ndalama. Siifunanso netiweki, mnyamata wa mu ofesi atha kukhala ku Kanengo mu warehouse momwe netiweki imavuta koma list ya mayiko imatseguka bwinobwino. Mayina akenso ndi amene anthu amanena tsiku ndi tsiku, Tanzania ndi Tanzania basi, South Korea ndi South Korea, osati zija za Korea, Republic of. Ndinasangalalanso kuona kuti pt_MZ imatsata Chipwitikizi cha ku Portugal osati cha ku Brazil, chifukwa m'mene CLDR inakonzera, Mozambique ndi Angola kholo lawo ndi pt_PT. Kasitomala wina wa ku Tete amene amabwera pafupipafupi anayang'ana foni yake n'kuona Moçambique ili ndi kamchira kake pansi pa c, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kulemba osafunsa munthu, pomwe kale mayi aja amachita kudzuka pa mpando kukamuthandiza. Pa Chiswahili Mozambique imabwera kuti Msumbiji, Germany ndi Ujerumani, United States ndi Marekani. Ine ndekha ndikanati ndimasulire mayiko 249 m'ziyankhulo zinayi bwenzi ndikulakwitsa malo ambirimbiri ndipo palibe akanandiuza.

Ndikati ndipereke nyenyezi, ndipereka zinayi pa zisanu. Imodzi ndaichotsayo ili ndi zifukwa ziwiri, chaching'ono ndi chachikulu.

Chaching'ono n'choti data imayenda ndi msinkhu wa foni. Foni ya Android 8, imene inatuluka mu 2017, idzakuuzani kuti SZ ndi Swaziland mpaka kalekale chifukwa ICU yake inapangidwa dzinalo lisanasinthe. Chimodzimodzi MK imene inakhala North Macedonia mu 2019 ndi TR imene boma lake linapempha kuti izitchedwa Türkiye mu 2022. Kunja mwina sizivuta kwambiri poti anthu amasintha mafoni kawirikawiri, koma kuno foni imachoka kwa bambo kupita kwa mwana, kenako kugulitsidwa ku Tsoka kapena m'tawuni, ikugwirabe ntchito. Ndili ndi foni yakale yoyesera imene ndimaisunga mu drowa dala, ndipo ndikaiika pafupi ndi yatsopano mayina ena amasiyana. Poti mu database muli SZ, palibe chimene chimasokonekera pa lipoti, kungoti munthu wina amaona dzina lakale. Ndinangoika ka map kakang'ono kokonza mayina atatu anayi osintha posachedwa ndipo nkhani inatha. Komanso pa Chingerezi CD imabwera kuti Congo - Kinshasa, CG kuti Congo - Brazzaville. Ndi nzeru yabwino yosiyanitsira, koma abale a ku Dzaleka ambiri amafufuza DRC kapena RDC, ndibwerako pa nkhani ya search.

Chachikulu, chimene chimandiwawa mumtima ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba zonsezi, n'choti Chichewa mulibe. Chiyankhulo chathu chili ndi code yake ya ISO 639, ny, ndipo ny-MW ndi locale yovomerezeka bwinobwino, koma ukapempha mayina a mayiko pa ny foni siikhala ndi choti ikupatse. Siichita crash, siinena kanthu, imangobwerera ku chiyankhulo china mwakachetechete, nthawi zambiri chimene foniyo inatcheredwa, ndipo pena utha kungolandira code yeniyeniyo. Apa m'pamene ndinagwera. Apu yathu ili ndi Chichewa mkati, mabatani onse, mauthenga onse, ndinakhala usiku kumasulira, Tumizani katundu, Lembani dzina la wolandira, zonsezo. Ndiye ndimayesa pa foni yanga ya Chingerezi, ndikuona Malawi, Zambia, Zimbabwe, n'kuganiza kuti zatheka, poti mayina amenewo sasintha. Mpaka tsiku lina pa dashboard, pa laputopu ya mnzanga wa ku Burundi imene browser yake ili pa Chifalansa, tinasankha Chichewa, mabatani onse anasintha koma list ya mayiko inabwera ndi Allemagne ndi États-Unis. Anandiyang'ana n'kuti "aise, Chichewa chako chayamba liti kuyankhula chonchi?" Tinayang'ana resolvedOptions, imene imaonetsa chiyankhulo chomwe browser yagwiritsa ntchito, locale inali fr, Chifalansa. Ndipo Intl.DisplayNames.supportedLocalesOf ukaipatsa ny imabweza array yopanda kanthu. Mankhwala ake pa JavaScript ndi kupereka ziyankhulo ziwiri motsatana, ny kenako en, kuti ikasowa choyamba igwere pa Chingerezi osati paliponse. Pa Android ndi iOS ndinalemba ndekha kuti chiyankhulo cha apu chikakhala ny, mayina apemphedwe pa en.

Chimene chimandipweteka n'choti anzathu alimo. Chiswahili chilimo, Chizulu chilimo, ngakhale Chishona ndi Chibemba zili ndi mafayilo awo mu CLDR, pomwe Chichewa chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni kuno, ku Eastern Province ya Zambia, ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa. Ndipo sindingaloze chala kampani iliyonse, chifukwa data imeneyi imalowetsedwa ndi anthu kudzera pa chida chotchedwa Survey Tool, wina amalemba, ena amavotera, ndipo chiyankhulo chimakwera milingo, Basic, Moderate mpaka Modern, malinga ndi kuchuluka kwa zomwe zalowetsedwa ndi kuvomerezedwa. Ngati Chichewa sichinafike poti mafoni azichinyamula ndiye kuti ife eni akefe sitinakhale pansi mokwanira kuti tigwire ntchitoyo. Tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba, tili ndi aphunzitsi a Chichewa m'sukulu zonse, tili ndi atolankhani amene amawerenga nkhani za kunja pa wailesi m'Chichewa tsiku lililonse ndipo amatchula mayiko amenewa, tilinso ndi ife ma developer amene timadziwa XML. Zidutswa zonse zilipo, sizinakumane pamodzi basi.

Ndiye poti sindikanadikira, ndinapanga zanga. Mu res/values-ny/strings.xml ndinaika ma string a mayina a mayiko, key yake ndi country_ kuphatikiza code, ndipo function yanga imayamba yayang'ana ngati pali dzina la Chichewa, ikapanda kulipeza imafunsa foni pa Chingerezi. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti code inali mbali yophweka, chovuta ndi kugwirizana kuti dzikolo pa Chichewa timalitcha chiyani kwenikweni. Tinakhala atatu mu ofesi muja, ine, mayi aja ndi mnyamata wawo, masana ena kutatentha, tikudutsa dziko limodzilimodzi.

US inali yosavuta, tonse tinati Amereka, ngakhale mnyamata uja anati iye amalemba Amerika. DE mayi anati Jeremani ndipo palibe anatsutsa. FR ndi Falansa. CN tinakangana pang'ono, Tchaina imamveka bwino pakamwa koma anthu ambiri polemba amalemba China, ndipo amalonda amene amayitanitsa katundu ku Guangzhou akaona Tchaina pa T adzayamba kaye afufuza pa C n'kuganiza kuti dzikolo palibe. EG ndiye inatitengera nthawi chifukwa amene anakulira pa Baibulo lakale amadziwa Aigupto, ena amadziwa Ejipito, ena Iguputo, pomwe munthu wogula tikiti ya ndege amangoti Egypt. Koma mkangano waukulu unali pa GB. Mayi anati "Mangalande, achimwene, agogo athu onse amatero." Ndinawauza kuti mayi, Mangalande ndi England, koma GB ndi United Kingdom yonse, muli Scotland, Wales ndi Northern Ireland, ndipo ife Amalawi sitingaiwale Scotland poti ngakhale mzinda wathu wa Blantyre unatengera dzina la kwawo kwa David Livingstone komweko. Muli ndi makasitomala amene ana awo ali ku Glasgow ndi ku Edinburgh, mukawalembera Mangalande mwawaika dziko lolakwika. Anaganiza kaye n'kuti "chabwino, ikani UK, ndi mmene aliyense amanenera masiku ano." Pa skrini tinaika UK, koma mu database muli GB, chifukwa code ya ISO ndi GB ngakhale ma adiresi a pa intaneti amathera ndi .uk.

ZA mnyamata uja anafuna tilembe Joni. Ndinamvetsa chifukwa chake, palibe munthu amafika pa ofesipo n'kunena kuti katundu wanga akuchokera ku South Africa, onse amati ku Joni, ngakhale amene m'bale wawo ali ku Cape Town kapena ku Durban. Mawuwa ndi akale, kuyambira nthawi ya agogo athu amene ankapita ku migodi. Koma risiti imene imatuluka mu apu imapita ndi katundu pa boda, ndipo wa kasitomu wa ku Beitbridge sangadziwe Joni. Apa m'pamene ndinaona kuti ndimasakaniza zinthu ziwiri zosiyana: dzina loonetsa ndi dzina lofufuzira. Dzina loonetsa likhale limodzi, laulemu, loti aliyense alizindikire. Koma mu bokosi la search munthu alembe mmene amanenera kunyumba. Ndiye ndinapanga fayilo yachiwiri ya mayina ena a dziko lililonse. Ukalemba Joni kapena SA imabwera South Africa pamwamba. Ukalemba Taifa imabwera Tanzania. Mangalande, England, Britain, London zonse zimapita ku GB. DRC, RDC, Congo, Zaire zimapita ku CD. Ndipo Dubai imapita ku AE, chifukwa kuno palibe amati ndikupita ku United Arab Emirates kukaoda mafoni, ndi ku Dubai basi, ndipo munthu akalemba Dub n'kuona list yopanda kanthu amaitseka apu n'kuimba foni. Kuchokera pomwe tinaika zimenezi mayi aja akuti mafoni ofunsa kuti dziko lakuti lili pati anachepa kwambiri. Mbali imeneyi CLDR siingakuchitireni ndipo sindikuiimba mlandu, ndi ya inu amene mukudziwa anthu anu.

Pamapeto pake mayina a Chichewa amene tinaika ndi ochepa, osafika makumi awiri, ena onse ali pa Chingerezi, ndipo ndikuona kuti ndi mmene Amalawi timayankhulira zoona zake. Palibe chifukwa chokakamiza Kyrgyzstan kuti imveke Chichewa pomwe palibe anaitchulapo.

Kusanja ndi kufufuza kulinso ndi misampha yake. Mukangochita sort wamba pa ma string, África do Sul imapita pansi penipeni kudutsa Zimbabwe, chifukwa Á ndi chilembo cha nambala yaikulu pa Unicode kuposa Z. Chimodzimodzi Égypte ndi États-Unis pa Chifalansa. Gwiritsani ntchito Collator pa Android, localizedStandardCompare kapena compare yopatsidwa locale pa iOS, Intl.Collator pa JavaScript, ndipo musanje mutatha kumasulira osati musanamasulire, apo ayi Germany idzakhala pa D chifukwa cha DE ndipo Switzerland pa C chifukwa cha CH. Pa search chotsani timizere ta pamwamba mbali zonse ziwiri, normalize ku NFD, imene imalekanitsa chilembo ndi kamzere kake, n'kufufuta timizereto, ma combining mark, kuti wolemba Mocambique apeze Moçambique. Ifenso zimatikhudza, pali akuluakulu ena amene amalembabe Malaŵi ndi ŵ ya kachipewa, ndipo ndikufuna nawonso apeze dziko lawo. Komanso musamusiye munthu azitsika mayiko 249 kuti apeze Malawi pakati pa Madagascar ndi Malaysia, ikani MW, ZA, TZ, MZ, ZM ndi ZW pamwamba, ena atsatire.

Funso loti dziko loyamba kuoneka likhale liti nalonso linandiphunzitsa kanthu. Musadalire region ya Locale ya foni. Mafoni ambiri kuno ali pa English ya United States kapena ya United Kingdom chifukwa wogulitsa anangodina next next poitsegula, ndiye mukadalira pamenepo agogo a ku Mitundu apu idzawayesa a ku Amereka n'kuwaikira +1. SIM ndi yodalirika kuposa, getSimCountryIso ya TelephonyManager, imabweza mw ya zilembo zazing'ono ndiye muikweze kaye musanaifananize ndi list yanu. Ya network ndiyosiyana, imanena kumene foni yalumikizidwa panthawiyo, ndipo amene mumayenda msewu wa M1 mukudziwa kuti cha ku Dedza ndi Lizulu Mozambique ili tsidya la msewu chabe, foni ya roaming itha kugwira netiweki ya uko munthu ali m'basi. Pa iOS njira yakale ya CTCarrier a Apple anaisiya kuyambira iOS 16 ndipo siibwezanso dziko lenileni. Ine ndinangoti SIM ikalephera, default ndi MW, poti ofesi ili ku Lilongwe ndipo munthu atha kusintha yekha.

Za manambala a foni ndingonena pang'ono: musasunge +265 ngati chizindikiro cha dziko. Kwa ife zimayenda chifukwa +265 ndi yathu tokha, +258 ndi Mozambique, +260 Zambia, +255 Tanzania, +27 South Africa, koma +1 ndi United States, Canada, Jamaica ndi ena ambiri, +7 ndi Russia ndi Kazakhstan. Chokani pa code ya dziko kupita ku nambala, libphonenumber imachita zimenezi bwino. Mbendera nazo simufunika zithunzi, emoji ya mbendera imapangidwa kuchokera pa zilembo ziwiri zomwezo kudzera pa ma regional indicator, kungoti pa Windows zimaoneka ngati zilembo chabe, pa kompyuta ya mu ofesi timangoona MW m'malo mwa dzuwa lathu lotuluka.

China chimene chinandichitikira mwezi wathawu, ndikuchinena kuti chisakuchitikireni. Ndinatulutsa CSV ya katundu yense kuti ndiwapangire mayi aja lipoti pa Python, ndipo chiwerengero sichimagwirizana ndi cha mu apu, makatoni angapo analibe dziko. Ndinafufuza mu database, zonse zili bwino. Mpaka ndinaona kuti onse osowawo anali opita ku Windhoek. Code ya Namibia ndi NA, ndipo pandas, laibulale ya Python imene ndinagwiritsa ntchito, powerenga CSV imatenga NA ngati malo opanda kanthu, ndi mmene inapangidwira ndipo zinalembedwa mu documentation yake, ine ndi amene sindinaike keep_default_na kukhala False. Amene mumasunga config pa YAML chenjeraninso ndi NO ya Norway, ma parser otsata YAML 1.1 amaiwerenga ngati false mukapanda kuiika mu ma quote.

Fayilo yanga ya values-ny ilipo ndipo amene mukupanga apu ya Chichewa nditha kukugawirani, koma chomwe ndikufuna kwenikweni ndi anthu anayi kapena asanu, mmodzi akhale mphunzitsi wa Chichewa, wina wa ku wailesi, wina wa ku Chipata kuti Chinyanja cha uko chisatsalire, tikhale pansi Loweruka lina ngakhale pa khonde la ofesi ya mayi aja ku Area 2, tidutse mayikowa limodzilimodzi, kenako tione mmene tingapezere account ya Survey Tool. Mayi anena kale kuti tiyi ndi mandasi aphika okha. Pa fayiloyo mzere wa EG ndi wa CN udakali ndi comment yoti sitinagwirizane.